Udzu umene unabwera ndi mchere

Uthenga unandipeza ndili chiweramire m'munda, chimanga chili m'manja, makoko ali kumapazi. Anabwera nawo ndi alamu anga, akazi a achimwene, amene amagulitsa tomato pa Migowi. Anatsika matola pamsewu, nalowa njira ya kumunda dengu lili pamutu, ndipo moni sanapereke. Anangoima pamzere nati, "Anganga, tayani chimangacho. Mwana wanu wachira. Ndi wamkazi, ndipo akulira mpaka anamwino akutseka m'makutu."

Akulira. Ine ndinamva liwu limodzi lokhalo. Akulira, akulira, mdzukulu wanga akulira. Ndinaponya chimanga kumwamba, ndinamasula chitenje ndi kuchimanganso, ndinavina pakati pa mapesi mpaka fumbi linakwera. Nthungululu yanga inawoloka mtsinje, inakagunda phiri la Michesi ndi kubwerera. Alamu anati, "Muthyoka msana, anganga, mwana musanamunyamule." Ndinati uthyoke, ndimunyamula ndi mano.

Mundipirire polemba. Zilembo ndinaphunzira imvi zitayamba, kusukulu ya kwacha, ndiye zimayenda monga ndiyendera ine, kuima, kupuma, kuimba pang'ono.

Chimene ndinavinira kulira ndi ichi. Mwana wanga wamkazi ndi mmodzi yekha, ndipo mimba zake ziwiri zoyamba zinabweretsa ana achete. Anabwera osalira, anapita osalira. Tinakawaika ife amayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda misozi, monga achitira ndi nthayo. Ndiye wachitatu uyu atatsegula kukamwa, kwa ine kunali ngati mvula yoyamba padenga.

Bambo wa mwanayo, mkamwini wanga, kwawo ndi kwa Chiwalo. Anabwera kudzakhala pakhomo pathu monga mwa mwambo, ndipo tinampatsa malo omanga kumunsi kwa mudzi, pamchenga umene napolo anatisiyira chaka chija anatsika kuphiri ndi kutenga anthu. Malowo sanali okondedwa. Chimanga chinkakana, ndipo ena podutsa ankafulumiza mapazi. Iye sanadandaule. Anali munthu wa mawu ochepa ndi miyendo yolimba. Matipate atabwera, aliyense atayamba geni, iye anagula njinga, nayamba kupita kumalire a Mozambique kukapikula mchere, mchere wa miyalamiyala wochokera kunyanja yaikulu, nadzaugulitsa m'misika ya kuno. Anagula wailesi. Kenako anafolera nyumba ndi malata, pamene nyumba ya achimwene anga, eni mbumba, inali ya udzu.

Anthu ali ndi maso. Ankaona malata, ankakumbuka timanda tiwiri, ndipo ankaika zinthu ziwirizi m'dengu limodzi. Pamaso panga sankanena. Koma ndikafika pamjigo nkhani inkaduka, kumangomveka madzi.

Mwana anabwera kuchokera kuchipatala, nalowa m'chikuta ndi amake, kudikira kuti mchombo ugwe. Olowa m'nyumbamo tinali ine ndi alamu basi. Mkamwini ankagona kukhitchini. Anali atagula matewera atsopano pa Migowi, oyera ngati ufa woyera, a ubweyaubweya, ndipo wochapa ndinali ine. Tsono kwathu kuno nsalu za mwana wa m'chikuta sitiyanika poyera. Pachingwe cha pabwalo pamadutsa aliyense, wotentha ndi wozizira, wa mtima wabwino ndi wa mtima wina, ndipo munthu akhoza kusolola kaulusi n'kupita nako. Timayanika kuseri, pansi, pa udzu, kumene maso safika. Amayi anga ankatero, ine ndinatero.

Kuseri kwa nyumba ya mkamwini, pakati pa chipupa ndi nkhokwe, panali udzu wokongola. Pamchenga pamene china chilichonse chinkakana, iwo unayala ngati mphasa, wamfupi, wobiriwira motuwa. Ndinati Mulungu wandiyalira poyanika. Ndinkaimba poyala matewera, ndinkaimba powanula. Nthawi zina ndinkapeza tinjere tomata, ndinkangotithothola ndi kutaya monga tichitira ndi chisoso, osayang'ana n'komwe. Zala zinkandiyabwa, ndinkati ndi sopo.

Kenako kulira kunasintha.

Kulira kwa njala ndimakudziwa, kulira kwa m'mimba ndimakudziwa. Uku kunali kwina. Mwana ankalira ngati akumutsina munthu wosaoneka. Bere ankaligwira n'kulisiya, n'kupinda kamsana. Thupi silinatenthe, m'mimba simunatupe, liwombo linali bwinobwino. Tikamusambitsa ankatonthola m'madzimo, tikamuveka ankayambiranso. Mwana wanga anasiya kudya. Ankangoti, "Amayi, uyunso akupita. Ndikumuona ine, akupita." Kulira kumene ndinavinira kuja kunasanduka mpeni m'nyumba.

Anayamba kuona ndi alamu. M'mawa wina akumupaka mafuta pafupi ndi khomo, pamene panali kuwala, anasiya dzanja lili m'malere. "Alamu, tabwerani muone." Kumatako, m'ntchafu, kumunsi kwa msana, kunali timadontho tofiira, ting'onoting'ono, tina tili pamzere.

"Ndi zidzolo za thukuta," ndinatero.

"Thukuta mwezi uno, chisanu chitayamba? Izi ndi mphini izi. Munamutema ndinu?"

"Ine ayi."

"Inenso ayi. Nanga amake angateme mwana wawo? Tsono m'nyumba muno mumalowanso ndani amene ife sitimuona?"

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kwa achimwene. Anabwera ndi ndodo yawo, nakhala pampando pabwalo, naitanitsa mkamwini. Iye ananjuta patali, chipewa chili m'manja. Ine ndinakhala pakhonde nditapenya kumbali, pakuti mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini wake. M'nyumbamo mwana ankalira, ndipo mawu onse ankadutsa pamwamba pa kulirako.

Achimwene anati, "Bambo, mbumbayi ndi yanga. Awiri ndinakhala chete. Malata anakwera, ndinakhala chete. Wachitatuyu mukufuna mugulire chiyani, galimoto?"

Mkamwini anati, "Malume, ine mwanayu sindinamugwirepo n'kamodzi komwe. Nkhope yake ndinaionera pawindo la kuchipatala."

"Amene amakhwimira geni sagwira ndi manja. Tsiku lotulutsa mwana lisakupezeni pamudzi pano. Akachira, tidziwa kuti mwachoka nazo. Akapita, tidziwanso."

Mkamwini analowa kukhitchini, anamanga bulangeti pakaliyala, anakankha njinga mpaka pafupi ndi khonde, nanjuta atandifulatira. "Amayi, ufa ulipo m'thumba, sopo ndasiya pawindo. Ndapita kwathu." Ine mtima wina unkati munthuyu ndi wosalakwa, mtima wina unkawerenga timanda. Ndinangomva tcheni cha njinga chikulira mpaka kumsewu.

Anachoka, koma kulira sikunachoke. Timadontho tinawonjezeka. Alamu anati ndiye kuti wasiya chinthu pakhomo, chokwiriridwa penapake. Mwana wanga ankalira mwamuna, ankalira mwana, ndipo sankadziwa kuti akulira uti.

Masana ena ndinapita kuseri kukanula matewera. Ndinangokhala pansi pa udzu paja kuti ndilire pandekha. Sindinalire. Ndinadzambatuka ngati ndakhalira makala. Chitenje chonse kumbuyo chinali chitadzaza tinjere tija, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinagwada ndi kuuyang'ana udzuwo ndi maso onse awiri.

Ine ndinabadwira m'munda, zomera za kuno ndimazidziwa ngati ana anga. Ndinayamba kuziitana mayina. Kodi ndiwe chisoso? Ayi, chisoso ndi ndiwo, njere zake ndi zakuda, zazitali, zimamata koma sizilasa. Kodi ndiwe ncheso? Ayi, ncheso imayanga pansi ndi timasamba tating'ono ndi maluwa achikasu, si udzu. Kodi ndiwe nansongole? Ayi, nansongole amabaya ndi nsonga yotuluka m'nthaka, ndipo amaima chilili. Kodi ndiwe kapinga? Unkayanga ngati kapinga, unkagwira mizu m'mfundo ngati kapinga, koma kapinga mwana amagonapo. Uwu masamba ake anali okhakhala, opindika pakati ngati ngalande. Kunsonga, m'malo mwa ngala, kunali tinjere tondondozana, kalikonse kukula ngati khobwe, kalikonse kovala minga mbali zonse ngati kanungu. Tauwisi tinali tobiriwira, touma tinali ta mtundu wa mchenga womwewo, moti pansi sungatione. Ndinagwira kamodzi, kanandigwira. Ndinakachotsa ndi dzanja lina, kanagwira dzanja linalo.

Ndinauzungulira kuti ndione pamene wayambira ndi pamene wathera. Unali wothithikana pamalo amodzi, pamene mkamwini ankayedzeka njinga ndi kukutumula matumba a mchere. Kuchoka pamenepo unkatsata kanjira ka njinga, apa pang'ono, apo pang'ono, mpaka kumsewu. M'mudzi monse munalibe.

Ndinathamangira kwa achimwene, ndikuganiza kuti ndapeza chothandiza. Ndinaonjeza moto. Anabwera, anaima patali, analoza ndi ndodo. "Achemwali, mwaona nokha. Chinthu chopanda dzina, chomera pakhomo pa munthu mmodzi, chotsata mapazi ake. Anachita kudzala ameneyu. Wina asachigwire, wina asachizule, mpaka tipeze wodziwa kuzula zoterezi." Madzulo ake anthu ankabwera kudzasuzumira kuseri kwa nkhokwe, atagwira ana awo pamkono. Wina anati ndi ndevu za napolo zikuphukira mumchenga wake. Wina anati akuona tinjere tija tikuyenda tokha. Nyumba ya malata inasanduka yoilambalala.

Chinthu chopanda dzina chimaopsa kuposa njoka. Njoka ukaidziwa dzina umadziwa pothawira. Ndinati ine ndilifuna dzinali. Ndinathyola kanthambi ndi makoko a chimanga, ndinakakulunga momwemo, ndinakabisa m'dengu pansi pa chinangwa.

Kwa Mkhumba komwe kuno, kutsidya kwa mtsinje, kuli mnzanga wina amene tinkaimba naye kwaya ya amayi. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, wapansi, kuchokera kutali kunyanja ya mchere. Anzake atabwerera iye anatsala, pakuti kwawoko kunalibenso womubwererera. Ndinaganiza kuti ngati chinthuchi chabwera ndi njinga ya kumalire, mwina maso a kutsidya achidziwa. Ndinampeza akusenda chinangwa cha makaka. Ndinamasula makoko aja ndi kuika pamphasa.

Anasiya mpeni. Anayang'ana, anayang'ana. Kenako misozi inayamba kutsika, yokhayokha, nkhope ili phee. Ndinati basi, wachidziwa, ndi cha imfa, akusowa pondiyambira.

"Anzanga, nenani. Mwanayo apita?"

"Mwana wanji?" Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Mwautenga kuti udzu wa kwathu? Chichokereni sindinaonepo kanthu ka kwathu, lero mwandibweretsera mdani wa mapazi anga."

Anautchula dzina m'chinenero chawo, dzina lalitali, ndinalibwereza kawiri n'kulitaya panjira. Koma zimene ananena ndinasunga. Anati kwawo m'mbali mwa nyanja muli timapiri ta mchenga wokhawokha timene mphepo imaunjika, ndipo udzu umenewu ndi umene umagwira mchengawo kuti usayende. Anthu ophika ndi kuyanika mchere amaunjika matumba pomwepo, tinjere timamata kumatumba, timakwera galimoto, timakwera njinga, timatsika pamene thumba lakutumulidwa. Dothi lakuda umalikana, mchenga umaukonda.

"Ndiye si wodzala?"

"Adzale ndani? Angadzale wamisala. Ife tinkautukwana tsiku lililonse popita kukatunga madzi."

Ndinamuuza za mwana, za kulira, za mphini. Anandifunsa chinthu chimodzi. "Matewera mumayanika pati?"

Ndinati kuseri, pansi, pa udzu womwewo.

"Anganga inu. Mukathothola kanjereko, nsonga za minga zimathyokera m'nsalu. Maso saziona, madzi sazichotsa. Kwathu nsalu ya khanda siigunda pansi, timayanika pamwamba pa denga. Mwanayo mukumuveka minga m'mawa, minga madzulo. Akanakhala wamkulu akanakutukwanani."

Njira yobwerera sindikuikumbuka. Ndinangozindikira ndili pakhomo, ndatenga thewera louma, ndalitambasula kudzuwa. Poyamba sindinaone kanthu. Nditalipendeketsa, tinaoneka, tonyezimira, tochepa kuposa tsitsi la pamkono, tambirimbiri m'kati mwa ubweya muja.

Ndinamuvula mwana. Ndinamusambitsa m'madzi ofunda, ndinamupaka mafuta, ndinamukulunga m'chitenje changa chakale, chofewa, chimene chinali m'sutikesi chiyambire mvula. Analira pang'ono, anayamwa, anayamwa, anasiya bere. Kenako zii.

Chete ameneyo ndi amene anandiopsa kuposa zonse. Chete wa m'nyumba ya mwana wanga ndinkamudziwa, ndinali nditamumva kawiri. Tinayang'anana ndi amake, wina osafuna kuyamba kugwira. Ndinagwada, ndinaika khutu pakachifuwa. Kankakwera, kankatsika. Kankakwera, kankatsika. Mwana anali m'tulo, tulo take toyamba tokoma.

Achimwene sanavomere msanga. Anati mawu a munthu wobwera ndi mawu a munthu wobwera. Ndinati chabwino, pindani malaya. Ndinawamanga thewera lija pamkono, m'kati mofewa, ndi kulimbitsa monga timangira mwana. "Khalani nalo mpaka alamu abwere kumsika. Mukalira tikuyamwitsani." Anaseka monyoza, anakhala pampando. Posakhalitsa anayamba kusuntha. Kenako anayamba kukanda pamwamba pa nsalu. Alamu pofika anawapeza atalimasula kale, akuyang'ana mkono wawo. Timadontho tofiira, tina tili pamzere.

Alamu anati, "Abambo, wakutemani mphini ndani masana ano?"

Achimwene anati, "Nanga awiri aja?"

Ndinati, "Awiri aja sindidziwa, achimwene, ndipo inunso simudziwa. Ine ndikudziwa za uyu."

Matewera tinatentha. Udzu tinaulima ndi makasu, tinauunjika, tinauyatsa, tinasesa mchenga ndi kuutenthanso. Mchombo unali utagwa kale, koma mwana wanga anakana kutuluka m'chikuta. Anati, "Mwana satuluka bambo ake asanabwere. Anamuthamangitsa ndi malume, akamutenge ndi malume."

Tinapita awiri kwa Chiwalo, ine ndi achimwene, tambala ali m'manja. Mkamwini tinampeza akukonza sipoko za njinga pansi pa mtengo wa mango. Amake anatiyalira mphasa koma madzi sanatipatse. Achimwene analankhula, mawu akutuluka ngati akukoka chitsa. Ine ndinakhala chammbali, ndipo tsiku limenelo mwambo ndinaupinda pang'ono, ndinalankhula naye ndekha nditapenya pansi. Ndinati, "Bambo, mwana wanu wagona tulo. Minga inali m'matewera. Tikumutulutsa Loweruka."

Amake anati, "Mwana wanga mwamutcha mfiti pamaso pa mudzi. Tambala ameneyu afufuta zimenezo?"

Iye anangozunguza gudumu, naliyang'ana mpaka linaima lokha. Anati, "Ndamva, amayi." Kuti abwera, sananene. Kuti sabwera, sananene. Tambala anatsala, ife tinabwerera opanda mawu.

Udzu uja mpaka lero sunathe. Chaka chilichonse mvula ikagwa umatulukira pena, pamchenga wa napolo, ndipo ndimauyendera ndi khasu usanabale. Pamudzi pano timautcha udzu wa mchere. Nsalu za makanda timayanikabe kuseri, koma pachingwe.

Loweruka linafika. Thobwa tinaphika, kalongonda tinaphika, mpunga wa ku Chilwa tinaphika. Mwana wanga anakhala m'nyumba mwana ali pamiyendo, khomo lili lotseka, maso ali pawindo. Ine ndinaima pabwalo kulandira anthu, khutu limodzi lili kumsewu. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, mithunzi inayamba kutembenuka. Ndinkaimba kuti anthu asaone kuti ndikudikira munthu.

Anabwera alamu anga a tomato, dengu lili pamutu. Anabwera achimwene, mkono atabisa m'jekete. Anabwera mnzanga wa kunyanja ya mchere, atanyamula makaka ndi chingwe chatsopano choyanikira. Anabwera amayi a kwaya, ovala zoyera, nyimbo ili kale pakamwa. Anabwera azakhali a kuphiri ndi ndodo yawo, anabwera msuweni wanga wa pa Migowi ndi sopo. Anabwera aphunzitsi aakazi obwera kuchokera kumpoto, amene ankachita lendi kwa achimwene, ndi kachipewa koluka. Anabwera anamkungwi, anabwera azamba akale. Anabwera a pamjigo aja, amene ankadula nkhani, ndipo ndinawapatsa thobwa lodzaza chikho. Anabwera amene anati ndi ndevu za napolo, anadya kalongonda mbale ziwiri. Anabwera ankhoswe a kuchimuna, anabwera amake a mkamwini, nkhope ili gwa, koma nkhuku ili m'khwapa.

Ndipo kumbuyo kwawo, tcheni chikulira, akukankha njinga yopanda thumba, bulangeti lili pakaliyala, anabwera bambo a mwana. Khomo linatseguka. Mdzukulu wanga anaona dzuwa, nalira.